Flora Suya si Abiti Anefa



Pali funso limene silichedwa kubwerera m'magulu athu a WhatsApp, makamaka nthawi imene sukulu za sekondale zikukonzekera mipikisano ya zisudzo: kodi mtsikana wachisilamu angakhale wa zisudzo? Wina akangofunsa, mayankho amagwa ngati matalala. Uyu akuti haramu basi, palibe zokambirana. Uyo akuti zimenezo ndi zachikale, asiyeni atsikana awonetse luso. Pakatha mphindi khumi nkhani yazilala, ndipo onse awiri abwerera ku filimu imene amaonera pafoni.

Ine si shehe ndipo pano sindikupereka fatwa. Ndine mnyamata wokulira ku Ntaja amene waonera mafilimu ambiri, kuyambira m'mavidiyo a pamsika olipira ndalama zachitsulo mpaka a pafoni lero. Chimene ndikufuna ndi chakuti tiliganizire funsoli mofatsa, chifukwa mkati mwake muli mafunso atatu amene timawaphatikiza: kodi kusewera ngati munthu wina ndi bodza? Nanga ndi zinthu ziti zimene munthu sangazichite mongoyerekeza? Ndipo ife owonerafe, mlandu wathu ndi wotani?

Tiyambe ndi munthu weniweni, kuti tisamakambe za mumlengalenga.

Ambiri tinamudziwa Flora Suya mu filimu ya Seasons of a Life, imene Shemu Joyah anatulutsa mu 2008. M'menemo anasewera ngati Sungisa, mtsikana wantchito yapakhomo amene bwana wake anamupatsa mimba. Sungisa anakakamizika kusiya mwana wake kuti apitirize maphunziro, ndipo patapita zaka 6 anabwerera kudzamenyera mwanayo. Mu 2010 dzina la Flora linalowa pa mndandanda wa akazi opikisana pa Africa Movie Academy Awards ku Nigeria, ndipo mnzake wa mu filimu yomweyo, Tapiwa Gwaza, anabwerako ndi mphoto.

Mu 2012 Joyah anatulutsanso The Last Fishing Boat, ndipo apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Filimuyi ikuchitikira kunyanja ku Mangochi, kwa anansi athu. Mwamuna wake ndi Yusufu, msodzi amene nsomba zikumuthera m'nyanja. Mwana wake ndi Mustafa, amene wasiya bwato n'kumaperekeza alendo odzaona malo. Mkazi wake wachitatu ndi Abiti Anefa, amene mzungu wina wodzaona malo akumunyengerera. Tamvani mainawo: Yusufu, Mustafa, Abiti Anefa. Ndi maina a m'makomo mwathu, a ku Ulongwe, ku Nsanama, ku Nselema. Amene anasewera ngati Abiti Anefa ndi Flora Suya yemweyo. Pambuyo pake anadzapanganso filimu yakeyake, My Mother's Story.

Flora sanatulukire njirayi yekha. Asanabwere iye kunali Gertrude Kamkwatira, amene anasewera pansanja ndi Du Chisiza Jr mu gulu la Wakhumbata, n'kulitsogolera gululo Du atamwalira mu 1999, kenako n'kuyambitsa lake la Wanna-Do. Analemba masewero ake, kuwatsogolera ndi kusewera momwemo kufikira imfa yake mu 2006. Kulinso Joyce Mhango Chavula, amene anasiya ntchito yolembedwa mu 2009 n'kuyambitsa gulu la Rising Choreos. Filimu yake ya Lilongwe inapambana ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016. Ndatchula amayiwa kuti tione kuti iyi ndi ntchito yeniyeni, ya thukuta. Munthu amaloweza mawu masabata angapo, amayeserera mpaka mawu kusasa, amaima padzuwa kubwereza kachigawo kamodzi kakhumi chifukwa galimoto yadutsa n'kuwononga mawu. Ndipo ku Malawi kuno, tinene chilungamo, si ntchito imene munthu amalemera nayo msanga.

Tsopano funso loyamba. Flora ataima pamaso pa kamera n'kuyankhula ngati mkazi wa Yusufu, pamene Yusufu kulibe ndipo ukwatiwo kulibe, kodi ananama?

Bodza ndi kuuza munthu chinthu chimene ukudziwa kuti si choona ndi cholinga choti akhulupirire kuti ndi choona. Wabodza amafuna kuti iwe usadziwe. Wazisudzo sabisa kanthu: dzina lake lenileni limalembedwa pa chikwangwani ndi kumapeto kwa filimu, ndipo iwe umalipira pakhomo ukudziwa kuti ukukaona sewero. Pali pangano pakati pa wosewera ndi woonera. Pangano lomweli tinaliphunzira tili ana. Agogo akati "Padangotero," ife timayankha "Tili tonse," ndipo kuyambira pamenepo kalulu amatha kuyankhula ndi njovu popanda wina kudzuka n'kunena kuti agogo ndi abodza. Tonse timadziwa kuti talowa m'nthano, ndipo timatulukamo ndi phunziro loona.

Ma ulama amene amalola zisudzo amakonda kukumbutsa nkhani ziwiri. Yoyamba ndi hadith yotchuka ya mu Sahih Muslim, imene Umar, Allah asangalale naye, anafotokoza: Jibril anabwera m'maonekedwe a munthu wamba, nakhala pafupi ndi Mtumiki, swalla Allahu alaihi wasallam, n'kumafunsa za Chisilamu, za Imani ndi za Ihsani ngati munthu wosadziwa, pamene cholinga chinali chakuti maswahaba amve mayankho n'kuphunzira. Yachiwiri ili mu Surat Swad: anthu awiri okangana analowa kwa Mneneri Dawud, mtendere ukhale pa iye, ndi mlandu wa nkhosa 99 ndi imodzi, ndipo omasulira Qur'an ambiri amati anali angelo obwera ndi phunziro.

Komatu si onse amene amavomereza. Shehe Bakr Abu Zayd wa ku Saudi Arabia analemba kabuku kathunthu kotsutsa zisudzo, ndipo a maganizo amenewa amatchula hadith yochenjeza munthu amene amanama pofuna kuseketsa anthu. Mbali inayi, Shehe Yusuf al-Qaradawi, m'buku lake la za halali ndi haramu la mu 1960, anaona kanema ngati chida chimene chigamulo chake chimatengera ntchito imene wachigwiritsa, ndipo anaika malire ake. Ndiye mukaona mashehe awiri a kwathu kuno akusiyana pa nkhaniyi, musadabwe kapena kunyoza mmodzi. Kusiyanaku kuli ndi mizu yake kwa anthu ophunzira kuposa ife.

Ine maganizo anga ali kwa amene amati sewero palokha si bodza. Koma ndikangonena choncho ena amaomba m'manja msanga, poganiza kuti ndatsegula chitseko chonse. Dikirani kaye, chifukwa funso lachiwiri ndiye lolimba.

Pa nsanja pali zinthu zimene zimatheka kuyerekeza, ndipo pali zina zimene sizitheka. Wazisudzo akamwa chiphe, m'botolomo mumakhala madzi. Akabayidwa, magaziwo amakhala utoto. Akafa, amadzuka nsalu ikatsekedwa n'kupita kwawo kukadya nsima. Akaba ndalama, mwini wake sanataye kalikonse. Akasudzulidwa, palibe banja limene latha. Kupha, kuba, kuledzera, ufiti, zonsezi munthu angathe kuzionetsa osazichita.

Koma akagwira dzanja la mwamuna amene si mahramu wake, dzanjalo ndi lake ndithu. Akavula mpango, tsitsi limene anthu akuliona ndi lake, si la Abiti Anefa kapena la Sungisa. Kukumbatirana kwa mu filimu ndi kukumbatirana, kupsompsonana kwa mu filimu ndi kupsompsonana. Swala ya Asr ikadutsa anthu ali kalikiliki kujambula, yadutsadi. Palibe wotsogolera filimu amene angakuwe kuti tibwereze, dzuwa n'kubwerera m'mbuyo. Munthu wa m'sewero ndi wongopeka, koma thupi limene lamunyamula ndi la munthu weniweni amene adzaime yekha pa tsiku la Kiyama.

Apa m'pamene ndikuona kuti pali malire enieni kwa mlongo wathu wachisilamu. Vuto silikhala pa dzina la munthu amene akumusewera. Mtsikana wovala hijabu angathe kusewera ngati mpongozi wankhanza, mayi wokakamiza mwana wake kukwatiwa, ngakhale mfiti ya m'mudzi, osachita tchimo lililonse la anthu amenewo. Ndipo wina angathe kusewera ngati mkazi wopemphera kwambiri, koma pojambulapo n'kudumpha malire angapo. Choyenera kufunsa ndi chakuti: kuti mbali imeneyi ioneke, thupi langa lichita chiyani chenicheni?

Akazi ena otchuka anafika pa funso lomweli n'kusankha kuchoka. Shams al-Baroudi wa ku Egypt anasiya mafilimu mu 1982 atabwerako ku Umra. Zaira Wasim wa ku Kashmir, kamtsikana kaja ka mu Dangal ya mu 2016, analengeza mu June 2019, ali ndi zaka 18 zokha, kuti akusiya chifukwa ntchitoyo imasokoneza ubale wake ndi chipembedzo chake. Anasiya pamene dzina lake linali pamwamba. Anthu ena anamunyoza kuti wabwerera m'mbuyo. Ine ndimamulemekeza, chifukwa ndi yekhayo amene ankadziwa chimene chimachitika mumtima mwake. Ena anasankha njira ina: Hanan Turk, wa ku Egypt komweko, anayamba kuvala hijabu mu 2006 n'kupitiriza kusewera ali chivalire kwa zaka zingapo. Njira ziwirizi zikutionetsa kuti anthu amene ali mkati mwa ntchitoyi amalimbana nalo funsoli usiku ndi usana. Sitinganene kuti saganiza.

Tisabisenso kuti pali zoopsa zimene sizioneka pa sikirini. Mtsikana wongoyamba kumene amakhala m'manja mwa munthu amene amagawa mbali za sewero, ndipo nthawi zambiri munthuyo ndi mwamuna. Kuyeserera kumatha mochedwa. Maulendo amakhala ogona konko. Makolo akamakayika, si nthawi zonse pamene amakhala osazindikira. Nthawi zina amakhala akuona patali. Koma zoopsa zomwezi zilinso m'maofesi, m'mashopu a ku Liwonde, m'makoleji ngakhale pa ulendo wa ku Joni. Kumeneko sitinena kuti ntchito yonse ndi haramu. Timafunsa kuti mwana wathu akhala ndi ndani, abwera nthawi yanji, ndipo akakana chinthu chosayenera ali ndi womuikira kumbuyo kapena ayi.

Tsopano tifike pa ife, owonera. Apa ndiye ndikupempha kuti tisathawe.

Ambiri a ife tinaonera The Message, filimu ya Moustapha Akkad ya mu 1976, kaya kumadrasa, kaya kunyumba m'mwezi wa Ramadhan. Tinalira pa imfa ya Hamza ku Uhud. Tinakwiya ndi Hind bint Utbah. Koma kuti ife tilire ndi kukwiya choncho, panafunika mkazi wina avomere kusewera ngati Hind. Mu ya Chingerezi anali Irene Papas wa ku Greece, mu ya Chiarabu anali Muna Wassef wa ku Syria. Kodi alipo pakati pathu amene amakhulupirira kuti Muna Wassef ankadana ndi Hamza? Palibe. Tonse timadziwa kuti anabwereka nkhope ndi mawu ake kuti ife timve kulemera kwa tsiku limenelo. Ndipo Hind weniweniyo, tisaiwale, anadzalowa Chisilamu Makka itagonjetsedwa. Ngakhale mwini tchimolo Allah sanamutsekere khomo.

Nanga n'chifukwa chiyani nzeru imeneyi imatithawa akakhala mtsikana wa kwathu? Mtsikana wa pa Balaka akasewera ngati woyendayenda mu sewero la kusukulu, mawa lake pamsika anthu ayamba kumuitana ndi dzina la m'seweromo. Pa Facebook makomenti ayamba: ameneyu amazidziwa bwanji zimenezi ngati sazichita? Winanso: wamkazi wa zisudzo sakhala pabanja. Ena amafika polemba liwu lija loyamba ndi "hu", pansi pa chithunzi cha mwana wa munthu amene sanakumanepo naye. Akasewera bwino kwambiri, ndiye umboni wakula. Luso lake lomwelo lasanduka mlandu wake.

Chodabwitsa n'chakuti timalakwitsanso mbali inayo. Pamene sewero la ku Turkey la Ertuğrul linayamba kuonetsedwa ku Pakistan mu 2020, anthu ambiri kumeneko anamukonda Halime Sultan, mkazi waulemu wovala modzilemekeza. Atapeza tsamba la Instagram la Esra Bilgiç, amene anasewera mbaliyo, n'kuona kuti pa moyo wake savala ngati Halime, anayamba kumulalatira kuti wawakhumudwitsa. Koma Esra sanalonjeze munthu kuti iye ndi Halime. Anthuwo ndiwo anaiwala pangano. Wosewera ngati woipa timamuyesa woipa, wosewera ngati woyera timamuyesa woyera, ndipo m'njira zonse ziwiri talephera kumuona munthuyo.

Abale anga, pa nkhani yoti zisudzo ndi zololedwa kapena ayi, ma ulama asiyana. Koma pa nkhani yonamizira mkazi chiwerewere popanda umboni, palibe kusiyana kulikonse. Surat An-Nur ikufuna mboni zinayi, ndipo wolephera kubweretsa mbonizo chilango chake ndi zikoti 80 ndi kusalandiridwanso umboni wake. Sura yomweyi ndi imene inayeretsa dzina la mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, pamene mphekesera inazungulira Madina yonse, ndipo inadzudzula ngakhale amene anangomva n'kupititsa kwa ena. Surat Al-Hujurat ikufanizira miseche ndi kudya mnofu wa m'bale wako wakufa. Ndiye taganizani: mtsikana uja ali pa chinthu chimene ophunzira amakangana nacho, pamene ife olemba makomenti tili pa chinthu chimene Qur'an inachiletsa mosabisa. Ndani mwa awiriwa ayenera kuyamba kuchita mantha?

Komanso bandulo imene timaonera filimuyo ndi yathu. Maso ndi athu. Ngati chimene chikuoneka pa sikirini ndi chosayenera, woonera sangadziyeretse potukwana wosewera. Akuluakulu anati anyani sasekana zikundu. Onaninso kuti mwamuna amene anali mu kachigawo komweko, amene anagwira dzanja lomwelo, sitimutchula. Iyeyo ndi katswiri, ndi dolo. Lamulo lodzisunga ndi kutsitsa maso linatsika kwa amuna ndi akazi omwe, ndipo mu sura ija linayamba kutchula amuna.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti: ndiye tisalangize? Tilangize ndithu. Ngati ndi mlongo wako, mwana wa achimwene ako, mnzako wa kumadrasa, pita ukayankhule naye pambali, mwaulemu, ndi umboni wa zimene ukunena. Nasiha imeneyo. Koma kulemba pagulu kuti anthu mazanamazana aseke si malangizo, ngakhale utayamba ndi Bismillah. Ndipo ngati mkaziyo si Msilamu, ulemu wake sunachoke chifukwa cha zimenezo. Kunamizira munthu ndi kunamizira munthu basi.

Pali mbali inanso imene imandisowetsa mtendere, ndipo ikukhudza maboma athu awiriwa mwachindunji.

Zisudzo si zachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1980, aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba, kuphatikizapo Chris Kamlongera ndi David Kerr, anagwira ntchito limodzi ndi a zaumoyo a ku Liwonde m'madera ngati Mwima ndi Mbela. Sankabwera ndi sewero lomaliza kale. Ankayamba ndi kumva mavuto a anthu, za zitsime, za ukhondo, za matenda otsegula m'mimba, kenako n'kupanga sewero limene anthu a m'mudzimo amalowererapo, kuyankha ndi kutsutsa lili mkati. Ntchito imeneyo mpaka lero imatchulidwa pophunzitsa za zisudzo zachitukuko. Inachitikira pakhomo pathu pompano.

Ndipo mavuto ofuna njira imeneyi sanathe. Kolera imene inasautsa dziko lonse mu 2022 ndi 2023 inayamba kupezeka ku Machinga mu March 2022. Malamulo a dziko anakweza zaka zolowera m'banja kufika pa 18 mu 2017, koma tonse tikudziwa atsikana a m'midzi mwathu amene anasiyira sukulu pa sitandade 6 n'kupita kubanja. Tikudziwa amayi amene amuna awo anapita ku Joni zaka zisanu zapitazo, foni n'kusiya kulira. Nkhani ngati zimenezi, ukaziika pa pepala, ambiri sawerenga. Ukaziika pa bwalo la mfumu ngati sewero, mudzi wonse umabwera, ndipo mayi amene sangayankhule pamsonkhano amapezeka akukuwa kuuza wosewerayo kuti usalole, mwanayo ndi wamng'ono.

Tsono funso ndi ili: mu sewero limenelo, mayi asewera ndani? Mtsikana wokakamizidwa kukwatiwa asewera ndani? Magulu ena amathawa vutoli pomuveka mnyamata chitenje ndi duku. Anthu amaseka, inde, koma nkhani ya misozi ija yasanduka nthabwala, ndipo talowanso pa chiletso china chodziwika bwino, cha mwamuna kudzifanizira ndi mkazi. Magulu ena amangochotsamo akazi onse, ngati kuti m'mudzi mumakhala amuna okhaokha. Kapena timangosiyira ena kuti atifotokozere nkhani zathu.

Shemu Joyah ndi Flora Suya anachita ntchito yawo, ndipo anaichita mwaluso. Anaona kuti kunyanja kuli nkhani yoyenera kukambidwa, naikamba m'mene iwo anaionera. Ine funso langa likupita kwa ife: Abiti Anefa enieni ali m'makomo mwathu, ndi azakhali athu, ndi anansi athu. Timadziwa m'mene amalonjerana, m'mene amalirira pa maliro, zimene amanong'onezana ku sadaka, chimene mkazi wachitatu amamva usiku umene si wake. Ngati sitilola aliyense wa ife kuphunzira luso lofotokoza zimenezi, tisadzadandaule tikadzaona Msilamu mu sewero akungotuluka ngati munthu woseketsa wa chilankhulo chopotoka kapena wogulitsa zithumwa. Malo amene wawasiya opanda munthu, wina amakhalapo.

Ndiye kwa iwe mlongo wanga wa ku sekondale amene aphunzitsi akuuza kuti uli ndi luso, ndipo mtima wako ukugunda ukamva za mpikisano, sindikuuza kuti thamanga, sindikuuzanso kuti iwala. Ndikupempha kuti ukhale pansi ndi mafunso awa. Seweroli likatha, anthu apita kwawo atakonda chabwino kapena atakonda choipa? Kodi mbali yangayi ingatheke hijabu yanga ili pamutu, popanda kugwirana ndi mwamuna? Kodi ndikanena kuti ichi sindichita, gululi lindimvera kapena lindichotsa? Kodi makolo anga akudziwa kumene ndili ndi amene ndili nawo? Kodi swala ili ndi malo pa ndondomeko yathu? Ndipo ndikaomberedwa m'manja, mtima wanga ukupita kuti? Funso lomalizali ndi lovuta kuposa onse, chifukwa kutchuka kumaledzeretsa, ndipo riya sisankha nsanja. Imapezeka ngakhale pa mimbari. Ukatha kudzifunsa, pita kwa shehe kapena mualima amene umamukhulupirira, umufotokozere zenizeni za seweroli, osati mongodutsa. Akakuuza kuti ayi ndi zifukwa zake, mvera ndi mtima wodekha. Luso lako silinathe: masewero amafuna olemba, otsogolera, ojambula, ndipo kuli masewero a pa wailesi ndi a pamaso pa amayi okhaokha. Gertrude Kamkwatira timamukumbuka chifukwa cha cholembera chake monga momwe timamukumbukira chifukwa cha nsanja.

Kwa ife achimwene, ntchito yathu ndi yoposa kulemba "haramu" m'makomenti. Ngati tikufunadi kuti alongo athu atetezeke, tiyeni timange malo otetezeka: magulu a zisudzo a achinyamata achisilamu amene amayeserera masana, amene muli mayi wamkulu woyang'anira, amene zolemba zake shehe waziona, amene amaima nthawi ya swala ikakwana. Zimenezi sizifuna mamiliyoni. Zimafuna bwalo, anthu khumi odzipereka ndi nkhani yoona. Foni imene timatukwanira ija ili ndi kamera yokwanira kujambula sewero la mphindi khumi.

Ndipo kwa tonsefe, amuna ndi akazi, tikamaonera filimu iliyonse, ya ku Malawi, ya ku Nigeria kapena ya ku Turkey, tizikumbuka kuti kuseri kwa nkhope imene tikuionayo kuli mwana wa munthu, amene ali ndi mayi ake owerenga makomenti athu. Abiti Anefa tingathe kumuweruza m'mene tingafunire, kumukonda kapena kumuda, chifukwa analengedwa kuti tizikambirana za iye. Flora Suya, ndi mtsikana aliyense wa pa Balaka kapena pa Liwonde amene waima pa nsanja, ali ndi buku lake la ntchito limene sitinapatsidwe kuti tiwerenge. Lathu ndi limene tidzafunsidwe, ndipo makomenti aja alembedwamo kale.

Ndikufuna kumva maganizo anu, makamaka inu alongo amene munasewerapo kusukulu kapena m'magulu a achinyamata, ndi inu amene munasankha kusiya. Lembani m'munsimu, koma mwa adabu, osatchula dzina la munthu.

Allah ndiye Wodziwa koposa. Atiteteze ku zoipa za malilime athu ndi zala zathu, ndipo atipatse nzeru yogwiritsa ntchito luso limene anatipatsa m'njira yomusangalatsa. Ameen.